Mafayilo ali pa Gun Hill, ndalama zili ku London, ife tili pakati

Ikangofika Ogasiti, zilengezo za mwayi wa ofufuza achinyamata zimangoti mbwee. Apa sikolashipu, apo msonkhano wa akatswiri a mbiri ya nkhondo, uko ndalama zoyendera nyumba zosungira zikalata zakale. Mwana wa Mmalawi wokulira ku Mufakose kapena ku Mabvuku, mu Harare muno ku Zimbabwe, amene wamaliza digiri yake ya mbiri ndipo akufuna kulemba za asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la atsamunda a ku Britain, amaziwerenga mtima uli dyokodyoko. Thukuta limayamba akafika pa ndime yonena za oyenera kupempha. Mwayi umenewu anaukonzera munthu wa dziko limodzi, wokhala komwe anabadwira, wolandira malipiro a pa yunivesite mwezi ndi mwezi. Ife ana ndi zidzukulu za matchona, palibe pamene tikulowa bwinobwino.

Taonani nokha. Malawi ili mu Commonwealth, Zimbabwe inatulukamo mu Disembala 2003, ndipo inapempha kubwereramo mu 2018. Sikolashipu ya Commonwealth imafuna kuti ukhale nzika komanso wokhazikika m'dziko limene ukupemphera, ndipo nthawi zambiri dzina lako limadutsa ku bungwe losankha la dzikolo. Ukakhala ndi pasipoti ya Malawi koma nyumba ili ku Highfield, a ku Lilongwe sakukudziwa. Ukakhala ndi ya Zimbabwe, khomolo ndi lotseka kale. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalandira nzika za mayiko onse awiri, koma ndi ya Masters ya chaka chimodzi basi, imafuna maola 2,800 a ntchito, ndipo ukamaliza ubwerere kudziko la pasipoti yako zaka ziwiri, ngakhale kulibe ndi mphasa yomwe yoti ukagonepo. African Humanities Program, imene inathandiza ofufuza ambiri kutulutsa mabuku awo oyamba, inkalandira a ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda okha. Ife ayi, a Zimbabwe ayi. Beit Trust ndiyo yathu yeniyeni, chifukwa imathandiza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma nayo imafuna kudziwa dziko lako ndi liti ndipo udzabwerera kuti.

Choncho musanalembe ndi chiganizo chimodzi chomwe cha pulopozo, konzani mapepala, ndipo muwakonze motsatana. Choyamba chitupa. Alipo ambiri obadwira kuno amene mpaka lero akuyenda ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo, chikhalirecho malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, ndime 43, amapereka unzika kwa wobadwira kuno amene kholo lake linachokera kudziko la SADC. Malawi nayonso inavomereza unzika wa mayiko awiri. Chachiwiri pasipoti, dzina lake lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa satifiketi ya digiri. Mabanja ambiri kuno anasinthidwa mayina ndi makalaliki a pa migodi ndi m'mapulazi, Phiri kukhala Piri, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumakwanira kuti fomu ibwezedwe. Chachitatu, wofuna South Africa atumize masatifiketi ku SAQA, bungwe la kumeneko lowatsimikizira, nthawi ikadalipo. Mayeso a Chingerezi a IELTS akhale omaliza, poti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Ambiri amayambira kumeneko, n'kuwononga madola, chitupa chikamatuluka zotsatira zitafa kale.

Chopweteka n'chakuti chuma cha mbiri imeneyi tachikhalira ndife. National Archives of Zimbabwe, imene inayamba mu 1935, ili pa Gun Hill m'mbali mwa Borrowdale Road, ulendo wa kombi imodzi kuchoka m'tauni. Kuyambira 1953 mpaka 1963, Salisbury, Harare wa lero, linali likulu la Chitaganya, ndipo mabataliyoni awiri a Nyasaland, 1 KAR ndi 2 KAR, ankalamulidwa kuchokera kuno. Mafayilo a boma la Chitaganya, amene manambala ake amayamba ndi F, anatsala mu Harare muno. Amene akufuna kumvetsa zimene zinachitika pa 3 Malichi 1959, pamene Dr Banda anagwidwa n'kupita naye ku ndende ya Gwelo, ena ku Khami, asilikali achizungu a ku Southern Rhodesia atatumizidwa ku Nyasaland, sangalembe zomveka atangokhala ku Zomba kokha. Koma wofufuza wowerengedwa kuti ndi wakunja ayenera kukhala ndi chilolezo cha Research Council of Zimbabwe, kalata ya yunivesite kapena bungwe la kuno lomulandira, ndi pepala la a zolowa ndi kutuluka. Zonsezi zimalipidwa m'madola a ku America ndipo zimatenga miyezi. Pulofesa wa ku Canada amaziika mu bajeti n'kudikira ali pa malipiro. Mnyamata wogulitsa ma airtime ku Mbare kuti apeze fizi adikira akudya chiyani?

Ndiye zikalatazo anazimwaza dala kapena bwanji? Ku Zomba, moto unatentha ofesi yaikulu ya boma mu 1919, motero zambiri za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinapsera momwemo. Nkhani za pa 13 Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, za nkhondo ya pa Karonga pa 9 Sepitembala chaka chomwecho, za amtengatenga pafupifupi 200,000 amene anasenza katundu wa nkhondo, zambiri muzikazipeza ku Kew, ku London, kunyumba yosungira zikalata za boma la Britain. Kumeneko mafayilo a nambala CO 525 ndi makalata a boma la Nyasaland. CO 534 ndi CO 820 ndi a KAR. WO 95 ndi mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo a 1914 mpaka 1918, WO 169 ndi a ku Middle East ndi East Africa m'nkhondo yachiwiri, WO 172 ndi a ku Burma. FCO 141 ndi mafayilo amene atsamunda anazembetsa pochoka, anawatsegula mu 2012 ndi 2013. Mapepala a gulu lankhondo la Rhodesia nawo anatuluka m'dziko muno chakumapeto kwa nkhondo ya ufulu, n'kukathera ku nyumba ina ya zakale ku Bristol imene inatsekedwa. Ku Kew kulowa ndi ulele, kujambula ndi foni yako amalola. Chimene si ulele ndi viza ya ku Britain yoposa mapaundi 100 imene sabweza akakukana, tikiti ya ndege, ndi kogona. Ndipo viza imafuna umboni wa ntchito yokhazikika ndi ndalama za kubanki, zinthu zomwezo zimene wofufuza woyamba kumene alibe.

Mukafikako musaganize kuti mukapeza agogo anu akukudikirani. Buku la tsiku ndi tsiku la bataliyoni ndi fomu ya mizere: malo, tsiku, ola, chidule cha zochitika. Msilikali wachizungu akavulala chala, dzina lake lilipo ndi udindo wake. Asilikali akuda akafa asanu, kawirikawiri pamangolembedwa nambala, asanu, basi. Amtengatenga ndiye nthawi zina ngakhale nambalayo palibe. Lipoti la 2021 la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ndiye kiyi wa kafukufukuyu ndi nambala ya msilikali. Mendulo za nkhondo yoyamba tembenuzani m'mphepete kapena kumbuyo, mupeza nambala, udindo, dzina ndi gulu zitadindidwa. Za nkhondo yachiwiri zambiri zinaperekedwa zopanda dzina, choncho funsani kabuku kotulukira usilikali kapena kalata ya penshoni. Popanda nambala, mayina ngati Juma, Saidi kapena John Banda angokuzunguzani mutu, poti analipo mazanamazana.

Apa m'pamene ife a mu Harare tili ndi chimene pulofesa wakunja alibe, koma tikuchiwononga ndi ulesi komanso kutengeka. Aliyense akufuna kulemba "mbiri ya asilikali a Malawi" yathunthu, kuyambira 1902 mpaka ku Congo. Pulopozo yotero oiwerenga amaitaya pa tsamba loyamba. Tengani kanthu kakang'ono kamene zikalata zake zili pafupi. Rhodesia Native Regiment ya 1916 mpaka 1918 inali ndi anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, olembedwa ali pa migodi ya kuno. Timothy Stapleton analemba za gululi, koma za kumene anthuwo anathera nkhondo itatha, ndani anabwerera kumudzi, ndani anatchona, pakadali malo olima. Rhodesian African Rifles, imene inayamba mu 1940 n'kukamenya ku Burma ndi ku Malaya, nayo ifunseni funso lomwelo. Magule a beni ndi malipenga, ndi maudindo ake a usilikali, ndi mbiri ya nkhondo yovinidwa. Musanalembe kuti palibe amene anafufuzapo, werengani Melvin Page pa nkhondo ya Chiwaya, imene ndi nkhondo yoyamba ija, Timothy Parsons pa asilikali wamba a KAR, ndi Society of Malawi Journal. Owerenga mapulopozo amawadziwa mabuku amenewa pamtima, ndipo akaona kuti simunawatchule amadziwa kuti mwangodzuka.

Za m'zaka za posachedwa, chenjerani. Nkhani ya asilikali a Malawi olondera njanji ya Nacala ndi a Zimbabwe olondera njira ya Beira ndi ya Tete m'ma 1980 ndi yokoma, Operation Bwezani ya Disembala 1993, pamene asilikali a Malawi analanda zida a Malawi Young Pioneers, nayonso. Koma lamulo la kuno limatsegula mafayilo pakatha zaka 25, ndipo ambiri a pambuyo pa 1980 sanasanjidwe kuti munthu n'kuwaitanitsa. Mayiko onse awiri ali ndi malamulo a zinsinsi za boma. Mlendo wofunsafunsa za asilikali opanda kalata ya yunivesite m'thumba akudziputira yekha. Kujambula pafupi ndi baraki musayerekeze.

Pa zofunsa anthu, nthawi yatha kale. Amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927. Otsala ndi ana awo, amasiye, ndi akuluakulu a mabungwe a maliro ku Dzivarasekwa, Tafara, Epworth ndi m'makomboni a migodi yotsekedwa. Pitani kudzera kwa akulu a mpingo kapena a mzikiti, osangotulukira. Fomu yachilolezo ikhale m'Chichewa ndi m'Chishona, muiwerenge mokweza, kuvomera kwawo kulowe m'chojambulira. Jambulani mawu mu fayilo ya mtundu wa WAV, sungani malo awiri osiyana tsiku lomwelo, chifukwa magetsi a kuno amapha makompyuta. Zikalata za banja muzijambulire pomwepo n'kuzisiya. Mabanja angapo anabwereketsapo mendulo ndi zithunzi kwa ofufuza osazionanso, n'chifukwa chake ena akangomva za kafukufuku amatseka chitseko.

Ndalama zogwirizana ndi ntchito yotereyi zilipo, kungoti sizilengezedwa mokweza. Endangered Archives Programme ya British Library imapereka thandizo lojambulira zikalata zimene zili pangozi yowonongeka, kuyambira pa kantchito koyesera mpaka yaikulu, zikalatazo n'kutsala m'dziko momwemo. Modern Endangered Archives Program ya ku UCLA imachita zomwezo pa zikalata za zaka za posachedwa. Koma zonsezi zimafuna bungwe lolandira ndalama ndi losunga zojambulazo, sizilowa m'thumba la munthu, ndiye opanda yunivesite wagwa kale. Harry Frank Guggenheim Foundation imathandiza ophunzira PhD a mu Africa ofufuza za nkhondo ndi chiwawa. Kwa ofuna PhD kapena ntchito ya pambuyo pake, njira yoyendeka ndi ya kummwera: International Studies Group ku University of the Free State, ku Bloemfontein, yaphunzitsa akatswiri ambiri a mbiri ochokera kuno, ndipo Stellenbosch ili ndi sukulu ya za usilikali ku Saldanha. Lemberani mphunzitsi mmodzi kalata ya tsamba limodzi, mutchule funso lanu ndi manambala a mafayilo amene mwaona kale. Kalata yoti "ndikufuna mwayi uliwonse" sayankha.

Misonkhano ndiye musandiyambitse. Amalengeza kuti alipira ulendo wa ofufuza a mu Africa, koma ukawerenga bwino akuti ugule wekha tikiti, adzakubwezera ukabweretsa malisiti. Ugula ndi chiyani? Kalata yokuitana imabwera kutatsala masabata ochepa, viza isanatuluke msonkhano watha, dzina lako lili pa pulogalamu ngati umboni woti Africa inaimiridwa. Mphamvu zimenezo bola kuziika pa nkhani imodzi yolembedwa bwino, yopita ku Journal of African Military History, Scientia Militaria kapena Journal of Southern African Studies. Kudikira yankho kumatha miyezi yambiri, kubwezedwa kuti ukonze ndi mwambo, si chipongwe. Magazini okulonjeza kusindikiza m'sabata ziwiri ukalipira madola ndi akuba, ndipo dzina lawo pa CV limakuchotsera ulemu m'malo mokuwonjezera.

Chimene chimatopetsa kwambiri ndi ntchito ya uthandizi. Wofufuza wakunja amafika ndi thandizo lake lonenepa, Chichewa sadziwa, Chishona sadziwa, ku Mbare sangalowe yekha. Amalemba mwana wathu kuti amupezere anthu, amasulire, akhale mu archives masabata akukopera mafayilo. Buku likatuluka, dzina la mwanayo lili m'mawu othokoza, pakati pa dalaivala ndi mwini loji. Inu achimwene ndi achemwali amene mukuitanidwa ku ntchito zoterezi, musanakwere galimoto yake gwirizanani polemba: malipiro a tsiku m'madola, osati m'ZiG, ndalama ya kuno, kombi ndi chakudya padera, kope la mawu onse ojambulidwa ndi la zithunzi za mafayilo likhale lanunso, ndi ufulu wolembapo zanu, kalata yokuchitirani umboni ku yunivesite ilembedwe asanakwere ndege, ndipo ngati mafunso munakonza ndinu, kumasulira n'kwanu, dzina lanu likhale pamwamba pa nkhaniyo limodzi ndi lake. Akakana ziwiri zomalizazo, mutengereni malipiro apamwamba, poti ndiye kuti akugula ntchito yanu yonse.