Mbiri ya malemu wa kumudzi isamathe m'mizere isanu

Pali chinthu chimene chimandiwawa pa maliro a kumudzi, ndipo lero ndati ndichinene poyera. Ndi kapepala kaja amawerenga kuti ndi mbiri ya malemu. Mukukadziwa nonse. Anabadwa chaka chakuti, sukulu analekezera kalasi yakuti, anakwatiwa, anabereka ana mwakuti, amoyo ndi angapo, zidzukulu zakuti. Anayamba kudwala mwezi wakuti, tinayesetsa kuthamanga nawo kuchipatala koma zinakanika. Mzimu wawo uuse mumtendere. Wowerenga amapinda kapepala n'kukhala pansi. Munthu wakhala padziko zaka 80, koma mbiri yake yatha anthu ena asanapeze n'pokhala pomwe.

Akamwalira munthu amene anagwirapo ntchito yolembedwa, pepala limafika masamba atatu. Timamva sukulu zonse zimene anaphunzitsako, maofesi onse amene anasamutsidwirako, chaka chimene anakwezedwa ndi chaka chimene anapuma. Sindikudana nazo, anagwiradi ntchito. Koma bambo amene walima moyo wake wonse amangolembedwa mawu awiri, "anali mlimi". Kwa amayi ndiye zimanyanya: "anali mayi wapakhomo", basi. Zaka zonse zija za kulera, kudwazika, kulima ndi kusamala ana amasiye zalowa m'mawu atatu.

Pa maliro a agogo ena aakazi ndinaona ndi maso anga mmene kapepalaka kamalembedwera. Mdzukulu wawo, mnyamata wophunzira ndithu, anafika usiku kuchokera kutauni. Abale anamupatsa cholembera ndi tsamba long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, iye akudziunikira ndi tochi ya foni. Funso lake loyamba linali lakuti agogo anabadwa chaka chanji. Pamenepo mkangano unabuka. Wina akuti chiphaso chikunena chaka ichi, wina akuti pa chiphasopo anangolembapo za m'mutu, wina akuti agogo anali aakulu kwa uje amene anamwalira kalekale. Usiku unathera pa chaka, ndipo pofika m'bandakucha pepala linali ndi madeti ndi chiwerengero cha ana basi.

Chapafupi pomwepo amayi achikulire ankakamba zawo motsitsa mawu. Ankakumbutsana kuti agogowo ndi amene ankagogodedwa pakati pa usiku mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, ndipo ndi iwo ankalamula kuti uyu musachedwe naye, thamangirani kuchipatala. Anakumbutsana za chaka cha njala, anthu atadya ndi mbewu zobzala zomwe, pamene iwo zawo anali atabisa m'chitini kudenga, ndipo mvula itagwa anagawira makomo ambiri ndi kakapu. Pa mkangano wa malire a minda ankaitanidwa iwo, chifukwa ankakumbuka pamene panali mtengo wa malire usanadulidwe. Komanso anali ndi pakamwa, moti mtsikana waulesi ankasintha njira akawaona chapatali. Amayi aja ankaseka uku akupukuta misozi. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chinafika pa pepala, chifukwa palibe anawafunsa, ndipo iwonso sankaganiza kuti zimene ankakambazo ndi mbiri.

Mnyamata uja sindikumuimba mlandu. Anatsata zimene tonse tili nazo m'mutu. Timalemba mbiri ya womwalira ngati kalata yofunsira ntchito: sukulu, satifiketi, udindo, madeti. Munthu wopanda zimenezo amaoneka ngati sanachite kanthu, pamene mudzi wonse unkadalira iyeyo.

Wina anena kuti n'kapepala chabe, chachikulu n'kuika malemu mwaulemu. Taimani kaye. Mu February 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti pa imfa 10 zilizonse padziko, 4 sizilembetsedwa, ndipo m'chigawo cha Africa ndi imfa 1 yokha pa 10 imene imalembedwa. Ambiri mwa osalembedwawo ndi anthu amene amamwalirira kunyumba, kutali ndi chipatala ndi maofesi. Akatswiri ali nayo njira yofunsa achibale mmene munthu anadwalira kuti adziwe chimene chinamupha, ndipo ndi ntchito yofunika, koma mafunso ake ndi a chifuwa, kutentha thupi ndi masiku omaliza. Za mmene munthuyo anakhalira sizili pa mafunsowo. Ndiye kwa anthu ambiri a kumudzi, kapepala ka pamaliro kaja ndi kokhako kamene kadzalembedwe konena za moyo wawo wonse. Nakonso kamaiwalidwa m'thumba la jekete n'kuchapidwa nalo limodzi.

Kudumpha anthu kotereku si kwa kumudzi kokha. Mu 2018 nyuzipepala ya ku America ya The New York Times inavomereza kuti kuyambira 1851 mbiri za omwalira zimene inkasindikiza zinali zambiri za amuna achizungu, ndipo inayamba kulemba za anthu amene inawasiya. Mmodzi mwa oyamba anali Ida B. Wells, mtolankhani wachikuda amene anamwalira mu 1931. Taonani zaka zimene zinadutsa pakatipo. Pa 24 May 2020, imfa za Covid-19 ku America zikuyandikira 100,000, nyuzipepala yomweyo inadzaza tsamba lake loyamba ndi mayina okhaokha popanda chithunzi, mndandanda n'kupitirira mkati, mayina pafupifupi 1,000. Dzina lililonse linali ndi zaka, kwawo, ndi mawu ochepa onena za munthuyo, ndipo ambiri mwa mawuwo anali tinthu tating'ono, chimene ankakonda kapena chimene anansi ankamudziwa nacho. Chimene ine ndimaona pa nkhaniyi n'chakuti mawuwo anawatola m'mbiri zimene zinasindikizidwa kale m'manyuzipepala a m'madera osiyanasiyana. Panali wachibale kapena mnansi amene anayamba wakhala pansi n'kulemba. Akanapanda kulemba iyeyo, pakanangotsala nambala.

Vuto lina ndi kuyeretsa. Malemu onse masiku ano anali "munthu wabwino, wokonda anthu, wosayambana ndi aliyense". Mukamva maliro atatu otsatizana mungaganize kuti waikidwa ndi munthu mmodzi katatu. Chonsecho tonse tikudziwa kuti uyu anali wouma manja, uyu anali wosachedwa kupsa mtima, uyu ankabwereka khasu osabweza. Sindikunena kuti pamaliro pakhale pabwalo la milandu, ayi. Matenda amene munthu sanafune kuti adziwike akhale a banja, ndipo za m'chipinda zisatuluke. Koma khalidwe limene aliyense ankalidziwa ndipo ankaseka nalo eni ake ali moyo, kulichotsa n'kumuchotsa munthuyo. Ana amene adzabadwe mtsogolo sangazindikire agogo awo mu "munthu wabwino". Angawazindikire atamva kuti ankakalipa kwambiri m'mawa koma madzulo n'kukutumizira mwana ndi mankhwala.

Ndiye pali ena amene ngakhale mizere isanu ija saipeza. Mayi wamasiye wopanda mwana. Mnyamata amene anapita kukasaka ntchito kutali n'kubwera m'bokosi. Khanda. Munthu amene mudzi wonse unkangoti ndi wamisala. Ndikukumbuka bambo wina amene ankatchedwa chidakwa, ndipo ankamwadi. Mbiri yake inawerengedwa mothamanga, wowerenga akuchita ngati ali ndi manyazi. Patapita nthawi mjigo unawonongeka, anthu n'kuyamba kufunsana kuti kodi ankakonza ndani. Anali iyeyo. Ankadula timphira kuchokera ku tayala lakutha, n'kumatula mapaipi ndi sipanala yake imodzi yomangidwa ndi waya, osalipiritsa munthu. Zinatengera amayi kubwerera kukatunga kumtsinje kuti anthu ayambe kumutchula ndi ulemu. Panalibe amene anaphunzira kwa iye, chifukwa ndani akanadzichepetsa kukaphunzira kwa chidakwa?

Ife a pa intaneti tisadzione ngati ndife abwinoko. Uthenga wa maliro ukangofika, timaika chithunzi, kandulo, "RIP", ndipo mawa lake tili pa nkhani ya mpira. Ena amafika poika chithunzi cha wodwala ali pabedi la chipatala, kapena cha bokosi, banja lisanadziwe n'komwe. Ameneyo akufuna anthu aone kuti iye ndiye woyamba kumva, za malemu alibe nazo ntchito. Facebook kuyambira 2009 imalola kuti tsamba la munthu womwalira lisandutsidwe la chikumbutso, ndipo mu 2015 inawonjezera mwayi woti munthu asankhiretu womusamalira tsambalo akadzapita. Zili bwino kwa amene ali ndi tsamba. Agogo aja ndi bambo wa mjigo uja analibe. Chimene ambiri a kumudzi asiya ndi mawu awo, mauthenga aja ojambula pa WhatsApp amene ankatumizira ana awo kudzera pa foni ya mdzukulu. Amenewo ndi chuma, koma tikuwasunga mosasamala. WhatsApp imanena yokha kuti akaunti ikakhala osagwiritsidwa ntchito masiku pafupifupi 120 imafufutidwa, nambala ya foni imatha kupatsidwa munthu wina, ndipo foni ikagwera m'madzi zonse zapita. Ngati muli ndi mawu a mayi anu kapena agogo anu m'foni, atumizeni kwa abale angapo lero, ndipo muwasungenso pena.

Tsiku la maliro si tsiku lolemba mbiri. Mitu imakhala itaima, alendo ali mbwee, aliyense akuthamanga. Kapepala kaja kawerengedwe, palibe vuto. Koma pakapita masabata angapo, anthu atabalalika, wina atenge kope ndi foni n'kuyenda khomo ndi khomo. Asayambire kwa ana a malemu, chifukwa ana amadziwa kholo, sadziwa munthu yense. Apite kwa mnzawo wa paubwana, kwa amene ankalima naye moyandikana, kwa amene anayambana naye zaka zambiri. Asafunse kuti "anali munthu wotani", chifukwa yankho lake ndi lija la "wabwino". Afunse kuti anakuchitiranipo chiyani inuyo, ankadziwa kuchita chiyani chimene ena sadziwa, ankakonda kunena mawu oti chiyani, munaseka naye liti. Funso lachiwirilo lisadumphidwe, chifukwa nthawi zina limavumbula ntchito imene yasiyidwa popanda woigwira.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti nthawi ilibe. Koma mndandanda wa amene asonkha ndalama za maliro timaulemba mosamala, dzina ndi dzina, ndipo wina akadumphidwa amaimba foni kudandaula. Cholembera chilipo, kope lilipo, ana a sukulu olemba bwino ali pakhomo lililonse. Mphunzitsi mmodzi wachidwi atha kupatsa ophunzira ake ntchito imeneyi, aliyense akafunse wachikulire mmodzi za munthu mmodzi amene wamwalira chaka chino, ndipo tsamba limodzi pa munthu likwanira. Chimene ndingakane n'chakuti kopelo likhale la mabanja okhala ndi ana ophunzira okha. Likangoyamba kusankha, tabwerera ku masamba atatu a wantchito ndi mizere isanu ya mlimi.

Pofunsapo mudzapeza kuti anthu akutsutsana. Wina adzati agogo anagawa mbewu kwaulere, wina adzati ayi, ankafuna kuti mudzabweze mukakolola. Musakhale woweruza, ndipo musasankhe yokoma. Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la amene wanena komanso tsiku limene wanena.