Kubereka si kulera, abale inu

Bambo wina wandipsetsa mtima m'minibasi lero. Mkazi wake wamuimbira foni kuti mawa kusikelo kuli maphunziro a makolo, ndipo azaumoyo akuti abambo abwerenso. Iye n'kuyankha mokweza kuti tonse timve, ati palibe angamuphunzitse kulera mwana wake, nanga agogo athu anaphunzira kuti? Anthu gwaa kuseka.

Mukuseka chiyani? Kubereka aliyense amabereka, koma kulera kumaphunziridwa. Agogo ajanso ankachita kulangizidwa ndi anamkungwi, ndipo ngakhale zinali choncho ankaika ana m'manda kawirikawiri. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 anali 63. Katemera ndi masikito zinathandiza, inde, koma mwanayo amapita naye kukatemera ndani ngati si kholo lomwe linamva?

Mufunseni bamboyo funso limodzi lokha: mwana watsegula m'mimba usiku, liwombo lalowa, atani? Ambiri athamangira kumumata mankhwala pamutu, ena amuletsa bere ati mkaka wawonongeka. Kupha mwana kumeneko! Liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi, ameneyo ngwakuchipatala, ndipo m'njira monse aziyamwa. Thanzi amasungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, osati m'kapu, chifukwa mchere ukachuluka umamuwonjezera vuto. Wosakwana zaka ziwiri amwe kota kapena theka la kapu akangochita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso. Wotsala pakatha maola 24 tayani, pangani wina. Mapiritsi a zinki amwe masiku onse amene mwauzidwa, 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutasiya mawa lake. Ndiye mundiuze, alipo anabadwa akudziwa zimenezi?

Nanga phala? Apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Mayi amamukonda mwana wake ndi mtima wonse, koma akumumwetsa phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira shuga basi, mwana ali ndi miyezi itatu. Miyezi 6 yoyambirira ndi bere lokha, ngakhale madzi ayi. Ikakwana, phala likhale la mgaiwa, lolimbirako moti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, mukakadzaza madzi ndiye kuti chakudya chilibenso polowa. Thiranimo nsinjiro, ufa wa bonya kapena usipa, dzira, masamba osinja, kasupuni ka mafuta. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wopitirira apo katatu kapena kanayi, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri. Ndipo akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale imodzi ndi akulu ake amangonyambita zala. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ife n'kumati ndi mtundu wawo, kwawo ngaafupi. Umphawi ulipo, sindikukana. Koma mtedza uli m'thumba ukudikira vendala, mazira akugulitsidwa kuti tigule mayunitsi.

Safunsa anadya phula. Laisensi ya galimoto mumailipirira sukulu, fodya mumamvera alangizi, koma mwana wamoyo mukuti mungomulera mwamphwayi. Phunzirolo ndi laulere, kusikelo, kwa amayi a keyagulupu (magulu ophunzitsana zaumoyo) m'mudzi, ngakhale kusukulu ya mmera mpoyamba. Kumeneko n'komwe mungamve kuti mwana wosakwana chaka, kuyambira miyezi iwiri, akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi chingakhale chibayo, osati kachimfine. N'komwe mungamve kuti khanda likamalira simuligwedeza mwaukali, ubongo wake umavulala. Kuti wa zaka zitatu akakodza pogona sanachite mwano, thupi lake silinakhwime, ndipo chikwapu chimangomuphunzitsa kubisa zofunda.

Inunso amayi, ena a inu mumachita dala kufika mochedwa kuti phunziro lithe, mungoyezetsa mwana n'kubwerera. Bukhu lachipatala lili m'chikwama, mzere wa sikelo ukutsika mwezi ndi mwezi, simunafunsepo kuti ukutanthauzanji.

Koma abambo ndinu oyamba. Mayi akamva zonsezi, akafika kunyumba ndalama ya dzira ili m'thumba mwanu, chilolezo chopita kuchipatala usiku chikudikira inu, ndipo apongozi akati mumateni liwombo inu mumangoti mverani akuluakulu. Pa bawo mumakhala mpaka dzuwa kulowa. Mpira wa Bullets ndi Wanderers simuphonya. Ola limodzi la kusikelo ndiye mukuti muli bize?