Hoist ndi ya anthu awiri, koma ine ndinatsala ndekha

Anzanga a ma care home kuno ku England, lero mungondimvera, mtima ukuwawa. Ndikuweruka naiti maso ali psuu, manejala akundiitanira mu ofesi, akuti agogo a chipinda chakumapeto aimbira mwana wawo kuti anagona chinyowere. Eya anali atanyowadi. Koma agogowo sayima, mu care plan mwawo munalembedwa kuti hoist, makina onyamulira munthu atakhala mu nsalu yotchedwa sling, tizigwira anthu awiri, ndipo mnzanga anali pansi kwa mayi wina amene anagwa kubafa. Ndiwanyamule ndekha? Akanapulumuka mu sling muja bwenzi pano tikukamba za safeguarding, kundifufuza ngati ndinavulaza munthu, dzina langa lili ku DBS, bungwe limene limatha kukuletsa kugwira ntchito imeneyi. Ndinadikira. Poti ndifotokoze kuti nyumba yonse tinalipo awiri okha, manejala uja kungomwetulira, akuti ndizikumbukira amene anandipatsa sponsorship, chikalata cha bwana chimene ndinapezera visa. Eeh!

Malamulotu alipo, okongola kwabasi. Care Certificate tinalemba, moving and handling tinaphunzira, mpaka anatiuza za nkhanza za pachipatala cha Winterbourne View zija BBC Panorama inajambula mobisa mu 2011, ati mukaona nkhanza nenani. Munthu umutembenuze maola awiri aliwonse asatuluke zilonda, usaine. Wamwa mamililita angati, usaine. Mankhwala pa MAR chart, pepala lolembapo amene wapereka, usaine. Belu likulira uku, kwina agogo a dementia akufuna chitseko ati akukatenga ana kusukulu, iwe uli ndi cholembera m'manja kudyetsa mapepala. Mapepala ndiye amasamalidwa bwino nyumba imeneyi, sanatulukepo chilonda.

Pakhomo apachika chikwangwani cha CQC, bungwe loyendera ma care home, cholembedwa Good, abale a odwala amachiona nkugona tulo. Tsiku la mock inspection, loyeserera kuyenderedwa ndi a CQC, mudzaone, magolovesi amene timachita kulimbirana atuluka makatoni, antchito aganyu a agency adzaza kolido, maluwa patebulo, manejala akugwira agogo dzanja ngati amawadziwa dzina. Mawa lake tabwerera awiri aja. Munthu akulipira mapaundi opitirira 1,000 pa sabata, ife kulandira mapaundi 12 ndi timakobiri pa ola, ndiye thewera lomwelo mpaka kuwerengera.

Ndizikumbukira amene anandipatsa sponsorship eti. Mu staff room muli pepala la whistleblowing, kuulula zoipa za pantchito, nambala yake yomwe. Ndani aimbe? Visa yako yamangiriridwa pa bwana yemweyo, akakuchotsa kapena akalandidwa laisensi uli ndi masiku 60 upeze sponsor wina apo ayi nyamula zikwama. Ndiye tonse timangoti yes yes, aku Zimbabwe, aku Nigeria, aku India, kuseka ndi mano okha. Chitetezo cha nkhalambazi chili m'manja mwa anthu oopa kutsegula pakamwa, basi nkhani ndi imeneyo.

Nanenso ndine chitsiru china, pa Facebook ndili ndi jekete lalitali pa Big Ben, pomwe msana ukununkha Deep Heat. Akumudzi nawo osafunsa nkomwe kuti wagona, angoti achemwali a ku UK ya feteleza ija. Mwana wa agogoyo amabwera kamodzi mwa apo ndi apo ndi chokoleti, lero ndiye wasanduka inspekita. Koma zoona sponsorship? Pa nkhani ya munthu wonyowa?

Agogo aja ine ndimawakonda. Nditawasintha ndinawapepesa, iwo nkuti si vuto lako mwanawe, ndipo chimene chikundiwawa nchakuti bambo wamkulu ngati amene uja anachita manyazi pamaso panga chifukwa wina akusunga ndalama ya munthu wachitatu. Ana anga sindingawabweretse, kuyambira March 2024 anatseka zobwera ndi banja kwa ife ma carer. Mayi anga ku Ntcheu miyendo inafooka, akuwasambitsa ndi mng'ono wanga yekha, ine ndili kuno kusambitsa makolo a eni. Ndikangomaliza ngongole imene ndinabwerera kuno ndikupita, ndikawasambitse ndekha akadandizindikira. Usiku uno ndikapezanso tili awiri, ndilemba mu incident form, sponsorship yawoyo aone chochita nayo.