Kwaya ikamapita kunja, azipita oimba

Mndandanda wa opita ku Scotland watuluka dzulo pagulu la WhatsApp la kwaya yathu kuno ku Mchinji, ndipo ine mpaka pano mtima sukutsika. Ndauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, kuganiza kuti mwina maso akundinamiza. Ayi ndithu. A tcheya alimo. Akazi awo alimo. Msungichuma alimo, mlembi alimo, mlamu wake wa mlembi alimonso, ati ndi wojambula zithunzi. Mulinso bambo wina wa golosale pa boma amene sanaimepo pamzere wa besi chibadwire, ati ndi patironi. Koma mayi amene amayambitsa nyimbo, amene akangotsegula pakamwa tonse timadziwa polowera, mulibe. Agogo athu a alito amene anayamba nayo kwayayi mulibe. Mnyamata wa kabaza uja, amene tena yake imamveka mpaka kumsika, mulibe.

Ndiye ndifunse abale anga, ku Scotland mukukaimba kapena mukukachititsa msonkhano wa komiti?

Ulendo wa kwaya ndi wa oimba. Basi. Amene amatulutsa mawu ndiye akwere ndege. Zinazi ndi kuba, kaya mukuzitchula dzina lanji.

Inu amene mwabwera dzanali, khalani pansi ndikuuzeni kumene kwayayi yachokera, chifukwa zikuoneka kuti mukuyesa inagwa kumwamba ili kale ndi yunifomu. Inayambira pa siwa, nthawi ya Kamuzu. Kunalibe tcheya, kunalibe patironi, kunalibe kiyibodi. Anali anthu a mipingo yosiyanasiyana amene ankakumana pamaliro n'kuchezera kuimba usiku wonse, a CCAP, Akatolika a mbali za ku Ludzi ndi ku Guilleme, a Seventh Day, mpaka ena osapemphera kwenikweni koma mawu ali nawo. Akatolika anabwera ndi kaimbidwe kodekha kaja timakamva kwa anyamata a ku seminale ya Kachebere, a CCAP anabwera ndi do re mi wawo. Mphunzitsi wina wa pulayimale, malemu tsopano, ndiye ankalemba manotsi pabolodi ndi choko, ena n'kumakopera m'makope a ana awo. Pulakatisi inkachitikira pansi pa mtengo wa mango, anthu atangoweruka kumunda, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Agogo amene mwawasiyawa kope lawo la nthawi imeneyo akadali nalo. Analikutira ndi pepala la shuga, masamba anachita chikasu, ena anadyeka m'mbali, koma nyimbo zonse zimene mukufuna kukadzitama nazo kwa azungu zili mmenemo. Kwayamasitala wa lero akasokonezeka amapita kukafunsa kwa iwo. Tonse timaona.

Ulendo woyamba wa kunja unali wa ku Chipata. Musaseke, kunja ndi kunja. Kuchoka pa boma pano kukafika ku Chipata sipakwana ndi makilomita 40, koma nthawi imeneyo unali ulendo ndithu. Anakwera lole yonyamula mtedza, kukhalira matumba a ufa ndi nyemba zawo zomwe, mapoto ali pamiyendo. Pa Mwami anaima padzuwa kudikira kudinditsa bodapasi, Mwami wakale uja, osati uyu wa nyumba imodzi amene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula mu 2022. Pobwerera mvula inawapeza panjira, onse n'kufunda lona imodzi, ana akulira kumsana. Kumeneko ankagona pansi m'kalasi, mphasa ya kwawo, chitenje ndiye bulangete. Ndipo anaimba. Anthu a ku Chipata ndi abale athu, chiyankhulo n'chimodzi, Angoni athu a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala, Achewa timapita ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndiye sungawanamize. Nyimbo ikakhala yosapsa amakuuza pamaso. Anawaitananso chaka chotsatira, kenako Katete, kenako Petauke. Ankawaitanira chiyani? Mawu.

Pa lole ija panalibe wolimbirana malo. Sindinamvepo kuti mkazi wa munthu wina wa udindo anaumirira kuti akakhale nawo pa thumba la nyemba. Malo a pa lole anali a oimba. Nanga malo a m'ndege asiyana pati?

Ulendo umene akuluakulu amaukambabe ndi wa ku Harare. Unatheka nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, msewu wa ku Tete utayamba kuyendeka popanda kuperekezedwa ndi asilikali. Basi inadzera ku Dedza, kuwoloka mlatho wa Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kukatulukira pa Nyamapanda. Ena miyendo inatupa, ena anasanza njira yonse, madzi akumwa anatha. Ndalama za basi imeneyo sizinachokere kwa patironi aliyense. Amayiwa ankagwira ganyu wokumba ndi kuthothola mtedza m'minda ya anthu, kusoka fodya m'zigafa, kukazinga zitumbuwa ndi mandasi, kuchititsa pepa sande mpingo ndi mpingo. Ndalama ankasunga m'chitini cha mkaka kunyumba kwa mayi wina, ndipo sipanasowe ngakhale tambala imodzi. Ku Mbare ndi ku Highfield anakapeza matchona, akuluakulu amene anachoka kuno dzikolo likadali Rhodesia, kukagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, osabwereranso. Ndi anthu omwewa anachititsa kuti CCAP ikhale ndi sinodi ya Harare. Agogo athu atayambitsa nyimbo ya pamaliro ya kumudzi, madala aimvi analira ngati ana. Wina anagwira dzanja la agogowa osalitaya, kufunsa ngati kwa Mkanda kukadali mtengo wina umene ankaudziwa ali mnyamata. Amene anawaliza madala aja ndi oimba. Sanalire chifukwa choona mlembi atanyamula faelo.

Ndiye lero, ndege yabwera, mwadzidzidzi aliyense ndi membala. Anthu amene pa pulakatisi sitiwaona, pa siwa sitiwaona, kumanda amafika mwambo uli pafupi kutha, lero ndiwo ali kutsogolo ndi masutikesi. Mukufuna kukolola m'munda umene simunapalireko ngakhale mzere umodzi.

Inde ndikudziwa, zinthu zadula, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tikiti ya ndege ndi viza ya ku UK si masewera, malo ndi ochepa. Ndiye chifukwa chake! Malo akachepa, woyamba kutsika ndi amene saimba. Zimenezi zikufunikanso sukulu?

Zifukwa zimene a tcheya apereka ndiye zandiwonjezera mkwiyo. Ati agogo alibe pasipoti. Bodza. Agogowa atangomva za ulendowu anagulitsa mbuzi, anakwera minibasi makilomita opitirira 100 kupita ku Lilongwe, anaima pamzere tsiku lonse ndi miyendo yawo yovutayo, ndipo pasipoti ali nayo. Ndinaiona ndi maso angawa, anaimanga m'kansalu n'kubwera nayo ku pulakatisi kudzationetsa, akumwetulira, ati mdzukulu wanga taona chithunzi, ndaoneka ngati nduna. Lero muwauze chiyani? Kuti mbuzi yawo yapita pachabe kuti mlamu wa mlembi akajambule zithunzi? Foni aliyense ali nayo. Zithunzi tikanajambulana tokha.

Ati sadziwa Chingerezi. Kodi tikukaimba Chingerezi? Anthu a ku Scotland Chingerezi ali nacho chokwanira kwawo, sakuchisowa. Anatiitana ataona vidiyo ya kwaya ikuimba Chichewa, ng'oma ndi maseche, amayi akuvina mogwedeza mapewa, ndipo amene akuyambitsa nyimbo muvidiyo imeneyo ndi mayi yemwe mwamuchotsayo. Anthu aja Malawi amamudziwa. David Livingstone anabadwira kwawoko, m'tauni ya Blantyre imene mzinda wathu unatengerako dzina, amishoni awo ndiwo anayambitsa Livingstonia ndi Blantyre, ndipo maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005. Makwaya a ku Malawi anawamvapo. Mukaima kutsogolo kwawo ndi alito yoperewera, tena ya munthu mmodzi, besi ya bambo wa golosale akungoyendetsa milomo, adzadziwa. Mudzachita manyazi inu, koma dzina lonyozeka lidzakhala la Mchinji.

Ati kumazizira, agogo akadwala. Chifundo chimenechi chayamba liti? Mwezi wa June kuno ku Mchinji, usiku wa pa siwa, mphepo ikuchokera kuphiri, amene amachezera panja mpaka tambala kulira ndi agogo omwewa, inu muli m'bulangete kunyumba. Nthawi imeneyo simunaope kuti adwala. Agulireni juzi.

Ndipo wina pa gulupo walemba kuti tsabola wakale sawawa. Mxii. Iweyo amene walemba zimenezi, bwera Loweruka udzayambitse nyimbo imodzi yokha popanda kiyibodi, tione ngati sitithera m'tchire. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Njovu imene mwakwerayo ndi amayi amenewa.

Ena mwanditumizira mauthenga kumbali kuti ndifufute zimene ndinayankha pagulu, ati tisachititse manyazi kwaya, ati nkhani za m'nyumba. Inunso ndinu oimba, mwasiyidwa, koma mukuopa kuti mukayankhula ulendo wina sadzakutengani. Ulendo uti? Uno sanakutengeni muli chete, winawo adzakutengani chifukwa chiyani? Manyazi abwera ndi mndandandawo, ine ndangouwerenga mokweza. Sindikudana ndi a tcheya, ndi bambo anga aang'ono m'mudzi, ndimawapatsa ulemu wawo. Apite ndithu ngati mtsogoleri, munthu mmodzi woyankhula m'malo mwa gulu amafunika. Mmodzi. Osati banja lonse ndi alamu omwe. Akazi awo ngati akufuna kukaona Edinburgh agule tikiti ndi ndalama zawo, palibe angawaletse, bwalo la ndege ku Lumbadzi ndi la aliyense. Koma ndalama zimene tinasonkha ife, zimene tinayendera dzuwa lonse ndi mbale m'misika ya pa Kamwendo ndi ku Kapiri, zimene amayi a zitumbuwa anaponya m'mbalemo chifukwa chomva nyimbo, zimenezo zinyamule oimba. Anthu anapereka atamva mawu, sanapereke ataona komiti.

Mndandandawo ulembedwenso, ndipo ulembedwe pa pulakatisi, aliyense ali pomwepo. Kwayamasitala anene kuti akufuna sopulano angati, alito angati, tena ndi besi angati, ndipo buku la maina a obwera ku pulakatisi litsegulidwe. Amene dzina lake mulibe m'bukumo akhale. Amene akuti amaimba aime aimbe tonse timve. Zophweka.

Poti tayamba kufunsa, tifunsiretu ndi za kiyibodi. Tinagula ndi ndalama za kwaya, pamodzi ndi masipika awiri ndi jenereta. Zonsezi zimagona kunyumba kwa msungichuma, ati kuti zisabedwe. Loweruka lililonse timaziona paukwati, pachinkhoswe, mpaka pamsonkhano wa ndale zinakafikako, anthu akulipira. Ndalama zake zimalowa m'buku liti? Ife tikamafuna kiyibodi pa pulakatisi timauzidwa kuti yapita kokakonzedwa. Jenereta ndiye chiyambire chaka chino sindinaione n'komwe. Ili kuti?