Khonsolo itiuze komwe mapulasitiki athu amakathera

Lolemba lililonse usiku ndimaima pasinki kutsuka mabotolo a mkaka ndi timakapu ta yogati ndisanaziponye m'bini ya recycling, ya zinyalala zoti zikakonzedwenso. Mwana wanga salola kuti chinthu chilowe m'bini yolakwika, amapisa dzanja n'kuchivuula. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, galimoto ija ikatenga zimenezi zimakathera kuti?" Ndinasowa chonena.

Ndinalembera khonsolo yathu kuno ku England. Anandipatsa dzina la kampani yomwe imasankhula zinyalalazo, basi. Za komwe zimapita zikachoka kumeneko, akuti ndi nkhani ya kampaniyo ndi amene imawagulitsa. Ine sindinakhutire, abale, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Pajatu dziko la China litasiya kulandira zinyalala za pulasitiki zochokera kunja mu 2018, mapulasitiki a ku Britain anayamba kukhamukira ku Malaysia ndi ku Turkey. Mu 2020 Malaysia inabweza kuno makontena 42 a zinyalala za pulasitiki. Mu 2021 a bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace anapeza mapaketi a m'masitolo athu omwewa atatayidwa m'mbali mwa misewu ku Adana m'dziko la Turkey, ena akuyaka. Kampani yotolera zinyalala ya Biffa inalipitsidwa £350,000 mu 2019 chifukwa katundu yemwe inati ndi mapepala opita ku China munapezeka matewera ogwiritsidwa kale ntchito. Chondiwawa kwambiri n'chakuti zinyalala zikangotuluka m'dziko muno zili ndi zikalata zoyenera, zimalowa m'chiwerengero cha zomwe zakonzedwanso, pomwe ife sitinaone zomwe zachitika uko.

Ine ndinakulira ku Kachere mu Blantyre, ndipo dzala la ku Mzedi ndikulidziwa. Utsi wa pulasitiki umakanda kukhosi, umalowa m'zovala zoyanika pachingwe, mwana amakhosomola usiku wonse mayi ali maso. Ndiye ndikamva kuti ku Adana kukufuka, sindivutika kuganiza momwe mayi wakumeneko akugonera. Kungoganiza kuti botolo lomwe ndinatsuka ndi manja angawa lingakhale pamulu umenewo, thupi limachita tsemwe.

Sindikuti zonse zimatayidwa ayi, zambiri zimakonzedwadi. N'chifukwa chake palibe choti abisire. Msonkho wa khonsolo timalipira mwezi ndi mwezi, ndiye khonsolo izilemba poyera chaka chilichonse dzina la fakitale yomaliza, dziko lake, matani angati, ndi zingati zinakanidwa n'kukawotchedwa. Kampani yokana kuulula isapatsidwe kontrakiti. Bini yanga ikapezeka ndi chinthu cholakwika amamatapo chikalata n'kuisiya osatenga. Nanga bwanji iwo safuna kufunsidwa?

Dzulo ndalembanso kalata, ulendo uno kudzera m'lamulo la Freedom of Information Act, lomwe limalola munthu kufunsa mabungwe a boma zomwe akudziwa n'kuwapatsa masiku 20 ogwira ntchito kuti ayankhe. Khansala wa dera lathu ndamutumiziranso. Nanunso amene muli kuno funsani khonsolo yanu, kenako tidzayerekeze mayankho. Mwana uja ndamulonjeza kuti yankho likabwera tidzawerengera limodzi.