Timabowo tating'ono inde, koma osati pa khansa ya khomo la chiberekero

Nkhani yanuyi yatamanda opaleshoni yoboola timabowo pamimba, yoti dokotala amalowetsa kamera ndi zipangizo zoonda mimba itafufumitsidwa ndi mpweya wa carbon dioxide. Pamenepo sindikutsutsa. Ine ndinakhalapo gadiyani wa mayi anga aang'ono ochokera ku Jali atang'ambidwa pamimba, kugona pansi masiku ambirimbiri, bala likuchedwa kupola, kumunda kukumera tchire. Munthu akachotsedwa ndulu mwa njira yatsopanoyi amatha kutuluka mawa lake, ndipo njirayi si yachilendo kwenikweni, dokotala wina dzina lake Erich Mühe anayamba kuchotsa ndulu motere ku Germany mu 1985.

Koma alembi mwasiya mfundo yomwe ikutikhudza kwambiri ife Amalawi, poti khansa ya khomo la chiberekero ndi yomwe ikutha amayi athu. Kafukufuku wa LACC, yemwe anatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi ochotsedwa chiberekero kudzera m'timabowo chifukwa cha khansayi, matenda ankawabwerera kwambiri. Patatha zaka zinayi ndi theka, 86 mwa 100 alionse ndi omwe anali opanda khansa, pomwe kwa ong'ambidwa anali pafupifupi 96. Chipsera chachikulu chija chinapulumutsa anthu.

Za maloboti othandiza dokotala pochita opaleshoni otchedwa da Vinci, omwe America inavomereza mu 2000, tisathamange nazo. Kafukufuku wa ROLARR pa khansa ya kumapeto kwa matumbo sanaonetse kuti lobotiyo imaposa kwenikweni dzanja la dokotala wodziwa kamera. Mtengo wake wokha ungaphunzitse madokotala angati kuno ku Zomba?