Wochita bwino wa ku Joni ndi wa kwathu sayezedwa mofanana

Ife a Malawi okhala kuno ku Joni tikakumana, kaya ndi ku tchalitchi, ku mzikiti kapena pa msonkhano wa maliro, nkhani yoti uje zikumuyendera kapena ayi sichedwa kubuka. Ndiye timakangana osamvana chifukwa wina akuyeza ndi maso a kuno, wina ndi maso a kumudzi. Sindikunena za anthu olemera aja a ku Sandhurst kuno kapena Area 10 ku Lilongwe ayi, amenewo ali paokha. Ndikunena munthu wa pakatikati, sagona ndi njala, ana ali pa sukulu yabwinoko, koma ntchito itangotha lero pakapita miyezi itatu zinthu zayamba kugwedera.

Kuno munthu ameneyu umamudziwa ndi zimene zimadulidwa mu akaunti mwake mwezi ukatha. Bond (ngongole ya nyumba) ya zaka 20, galimoto ya miyezi 72, medical aid (inshuwalansi ya chipatala), inshuwalansi ya galimoto, ina ya maliro, levy ya pa complex (ndalama yosamalira malo a nyumba za mu mpanda umodzi), fizi, DStv, intaneti ya m'nyumba, ena mpaka gym. Malipiro alowa pa 25, pofika pa 1 ma debit order adya kale gawo lalikulu. Amakhala ku Midrand, Fourways, Randburg kapena Roodepoort, mu timanyumba tofanana tondondozana, pamwamba pa mpanda pali waya wa magetsi. Ukafuna kukamuona sungangotulukira ndi odi ngati kwathu, akuyenera akutumizire kaye nambala pa foni yoti ukabaye pa geti, mlonda akujambule laisensi, kenako chitsulo chija chikwere. Nthawi zina mlonda amene wakutsegulirayo ukamumvetsetsa malankhulidwe upeza kuti ndi wa ku Mzimba kapena Mangochi.

Ngakhale thumba limene wanyamula limanena zambiri. Lakuda la Woolworths ndi lina, la Checkers ndi lina, la Boxer kapena Shoprite ndi linanso, ndipo eni dziko amazisiyanitsa bwino kwambiri izi. Ena safikanso ku sitolo komweko, amangobaya pa foni njinga yamoto ya Sixty60 yobweretsa katundu wa ku Checkers yafika pa geti.

Tsono kwathu funso loyamba silikhala loti mumagula kuti ndiwo. Amafunsa kuti mwamanga? Munthu akhoza kukhala pa ntchito yabwino ku Capital Hill kapena ku banki, kuvala tayi tsiku lililonse, koma ngati akadali pa lendi ku Area 18 kapena ku Chitawira zaka zikupita, akuluakulu kumudzi amangopukusa mutu. Wochita bwino ndi amene anagula puloti ku Area 49, Area 25, ku Chileka kapena Mpemba, nkuyamba pang'onopang'ono. Mwezi uno matumba angapo a simenti, mwezi winawo mchenga ndi kwale, kenako phee, nyumba yaima pa mawindo mvula ziwiri udzu mpaka kumera mkati, kenako ka ndalama ka ma alawansi kapezeka wakhoma malata. Amalowa nyumbayo chipinda chimodzi chokha ndi chimene chili ndi pulasitala, mawindo ena atatseka ndi njerwa, koma ndi yake, palibe banki ingabwere kudzamutulutsa. Mpanda, geti lachitsulo, matailosi ndi thanki ya madzi pamwamba zimabwera pambuyo, ndipo zikakwana zimenezi ndiye anthu amati eya, bambo aja anakhazikika.

Anthu ena kuno amaona ngati ndi umbuli kapena kuopa ngongole chabe. Si choncho. Mu 2024 Reserve Bank ya Malawi inaika chiongola dzanja pa 26%, ndiye ukapita ku banki wamba kukatenga ngongole chimakwera kuposa pamenepo. Nthawi yomweyo kuno prime, chiongola dzanja chimene mabanki amayambira, inali pa 11.75%. Ndani angatenge ngongole ya nyumba ya zaka 20 pa chiongola dzanja cha kwathu chija? Komanso Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44% mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama ku banki anadzuka m'mawa ndalama yake itachepa mphamvu osaigwira nkomwe, pamene amene anagula malata nkuwaika kuseri kwa nyumba anapulumuka. Nchifukwa chake Mmalawi akapeza kenakake amathamangira ku hardware. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo chuma cha dziko lathu chatiphunzitsa zimenezi mowawa.

Za galimoto nazo ndi chimodzimodzi. Kwathu umasunga, kuitanitsa Vitz, Passo kapena Sienta ya ku Japan pa intaneti, kukaitenga ku Dar es Salaam kapena kutuma munthu, kulipira msonkho ku MRA, basi yatha, ndi yako. Ndi yakale inde koma ilibe mwini wina. Kuno boma silimalola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizingolowa nkumayenda mu misewu yawo, amateteza mafakitale awo, paja Polo imapangidwa ku Kariega, Hilux ndi Fortuner ku Durban. Zina za ku Japan zija zimatsikira pa doko la Durban lomwelo koma zimangodutsa kupita maiko oyandikana nawo. Ndiye munthu wa kuno amapita kwa ogulitsa, kusaina mapepala, kutuluka ndi galimoto yonunkhira upya, nkumalipira zaka 6, ena kumapeto kukuwadikiranso chindalama chotsala cholipira kamodzi, chija amati balloon, chimene anachiiwala. Kungoti pa galimoto pomwepa wa kuno amatiposa pamodzi, akafika pa filling station mafuta amawapeza. Wa kwathu galimoto ndi yake koma zaka zapitazi wakhala akugona pa mzere, maso ali pa gulu la WhatsApp kudikira uthenga woti thankala yafika kuti.

Pali pena pamene maiko awiriwa akufanana, ndipo mpomvetsa chisoni. Konse kuwiri chizindikiro chachikulu cha munthu wochita bwino ndi choti wasiya kudalira za boma. Mwana kuno apite ku sukulu za pulaiveti za Curro kapena sukulu zija zinali za azungu kale, kwathu apite ku pulaiveti yolankhula Chingerezi kuyambira ku nazale. Akadwala kuno ndi medical aid ya Discovery kapena Bonitas, kwathu ndi kadi ya MASM. Magetsi nawo, mu 2023 pamene kuzima kwa magetsi kunafika poipa kwambiri kuno, madenga a ku Randburg anadzadza ndi ma sola, aliyense inverter, ndipo tsopano ndi vuto la madzi matanki a JoJo ali mbwee m'mayadi. Ife za jenereta, sola ndi migolo ya madzi tinazidziwa kalekale. Munthu amalipira msonkho kenako nkulipiranso payekha zomwe msonkhowo umayenera kumupatsa, ndipo amene sangakwanitse kulipira kawiri ndi amene amatsala mu mdima.

Nkhani ya antchito apakhomo ndiye imandikhudza kwambiri, chifukwa ambiri a ife kuno ndife antchitowo. Kwathu ngakhale mphunzitsi kapena kalaliki amakhala ndi mtsikana wantchito wogonera pompo, wadzuka 5 koloko kukolezera mbaula, kuchapa, kulera mwana mpaka usiku, malipiro ake ochititsa manyazi kuwatchula, nthawi zina nkumati ndi mbale wathu tikungomusunga. Kuno lamulo linaika malipiro otsikitsitsa, mu Malichi 2025 anawaika pa R28.79 pa ola, ndipo wantchito wapakhomo ali momwemo, akuyeneranso kulembetsedwa ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha. Sikuti mabwana onse amatsata, makamaka akadziwa kuti ulibe mapepala, koma lamulo lilipo ndipo ambiri amaliopa. Mapeto ake wa pakatikati wa kuno amangokwanitsa munthu wobwera kawiri pa sabata, masiku enawo mbale amatsuka yekha. Chimene chimandiwawa ndi kuona mnzathu amene amadandaula kuno kuti abwana akumudyera masuku pamutu, iyeyo kumudzi walemba mwana wa eni ake nkumamupatsa zosakwana ngakhale sopo. Apa abale anga tiyenera kusintha, palibe chodzikanira.

Za chakudya sinditalikitsa. Bwana wa kwathu ngakhale akhale ndi ofesi yozizira amakhala ndi munda, nthawi ya dzinja akuthamangitsa feteleza, pokolola matumba a chimanga adzadza chipinda, ufa ndi wa ku chigayo. Wa kuno amagula White Star kapena Iwisa wa 10kg, ukatha akagulanso. Holide wa kuno ndi Durban mu Disembala, wa kwathu ndi ku nyanja ku Mangochi kapena Salima, nthawi zambiri ikakhala ya ku ntchito.

Azimbabwe amene timagwira nawo ntchito amaganiza ngati ife, mwinanso kuposa, chifukwa iwo mu 2008 anaona ndalama ndi penshoni zawo zikusanduka mapepala. Kwa iwo wochita bwino ndi wa madola a ku America m'thumba, mjigo pakhomo ndi sola pa denga. A ku Zambia ali pakati, ku Lusaka moyo wa ma mall ngati Manda Hill ndi East Park unakhazikika, koma puloti ndi galimoto ya ku Japan akadali nazo mtima ngati ife.

Tsono pamene pavuta ndi pa ife okhala pakati pa maiko awiri. Taganizani mnyamata wogwira ntchito ya m'garden ku Fourways, amagona mu kachipinda ka kuseri ku Cosmo City kapena Diepsloot, matilesi pansi, sitovu ya ma puleti awiri, zovala zili mu chikwama chomwe anabwera nacho. Kwa eni dziko ameneyu ndi mmphawi wotheratu. Koma mwezi uliwonse amapita pa Mukuru, ndipo ku Mangochi kapena Nkhata Bay kwaima nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zinayi, pali ka golosale, ana ali ku sekondale. Akamapita kumudzi mumuone pokwerera mabasi, fuliji, sofa, njinga, mabulangeti, zonse zikukwera mu ngolo ya kumbuyo kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Akatsika ndi bwana. Njira imeneyi si yatsopano, agogo athu opita ku migodi ya kuno kudzera ku Wenela ankabwera ndi njinga, wailesi ndi suti, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula a ku migodiwo itagwa ku Francistown ku Botswana.

Ndiye pali wina, nesi kapena wa za makompyuta, mapepala ali bwinobwino, nyumba mu complex ku Midrand, Polo pakhonde, ana akulankhula Chingerezi cha pamphuno. Achibale akaona zithunzi pa Facebook amati ameneyu ndalama akuchita kutola, ndiye foni siipuma, fizi ya mwana wa achemwali, mankhwala a mayi, bokosi la maliro, feteleza. Sadziwa kuti ma debit order akadutsa amatsala ndi yongokwana mafuta ndi chakudya. Kumudzi alibe ngakhale njerwa imodzi. Ndipo zonse ali nazozo zapachikika pa pemiti, tsiku imene idzakanidwe kuonjezera ntchito yatha, ntchito ikatha banki ikufuna zake.

Kwa mwini dziko njira ya ngongole ili ndi nzeru zake, sindingainyoze. Amalowa m'nyumba yotha ali ndi zaka 30, ana akukuliramo, osati kudikira mpaka imvi ngati kwathu, ndipo bond ikatha nyumba ndi yake mu dziko lake. Koma ife si eni dziko. Tinaona mu 2008, mu 2015 ndi 2019 anthu akuthamangitsidwa, ena kukwera mabasi otumizidwa ndi boma la Malawi atangonyamula ka chikwama, katundu yense wa zaka zambiri atatsala. Amene anali atamanga kumudzi anali ndi pofikira. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaima ndi muyeso wa kwathu, ndipo mnyamata wa ku Diepsloot uja sindilola kuti wina amuseke.

Kungoti naye ndimamudera nkhawa. Ambiri akudzimana mopitirira, kudya buledi ndi tiyi sabata yonse, kudwala osapita ku chipatala, alibe inshuwalansi ina iliyonse, ndipo zikavuta ndi ife timayenda ndi kope kusonkhetsa ma R50 ndi ma R100 kuti thupi lipite kumudzi. Zimenezi tikanatengera kwa eni dziko, iwo policy ya maliro ngakhale gogo wa ku Soweto ali nayo, ndipo magulu athu osonkherana alipo, kulowa sikodula. Chinanso ndi cha nyumba zomwe tikumangazo. Tamva kangati munthu watumiza ndalama zaka zambiri, akumutumizira zithunzi za nyumba ya eni ake, pofika apeza maziko okha? Kapena nyumba yathadi koma malo ndi a banja, mapepala ali m'dzina la amalume, iye akamwalira mkazi ndi ana akuthamangitsidwa. Ngati mukumanga muli kuno, malowo akhale m'dzina lanu, kalata ya amfumu ndi mapepala a ku Lands musunge nokha, ndalama ya simenti muzilipira ku hardware mwachindunji, ndipo amene akuyang'anira ntchitoyo aziyenda ndi foni pa video kukuonetsani chipinda chilichonse inu mukuona.